Mzere Umene Tinkakanganirana

Ndinafika ku Thyolo nyengo ya chiperoni, ya nkhungu ndi kamvula kozizira, ndi chikwama cha zovala, laputopu, ndi kamtima konyada ka munthu amene wapeza ntchito anzake akadali kuzungulira m'tauni ndi maenvulopu. Esiteti ina ya tiyi inkafuna munthu woti azisamala webusaiti yawo, pamene ogula akunja amaonera tiyi n'kuoda, komanso pamene alendo amasungitsira malo ku nyumba yogona alendo ya pamtunda. Munthuyo ndinali ine. Anandipatsa nyumba kumapeto kwa mzere wa nyumba za akalaliki, ndipo tiyi ankayambira pakhomo penipeni. Ukatsegula chitseko m'mawa, tiyi. Ukazungulira kuseri kukataya madzi otsukira mbale, tiyi. Alendo ankaimitsa galimoto mumsewu n'kumajambula, ine n'kumawasuzumira pawindo ndi kuwasirira, chifukwa iwo madzulo ankabwerera kwawo.

Ndikati anthu a kumeneko anandilandira moipa, likhala bodza. Amayi a nyumba yoyandikana ndi yanga ankandibweretsera mapeyala ndi nthochi mpaka zina kumaolera pawindo. Moni ankandipatsa wa manja awiri. Koma nkhani ikangoyamba kukoma inkakhotera ku Chilomwe, ndipo ine mwana wa ku Ntchisi ndinkatsala pomwepo ndikumwetulira ngati mkamwini watsopano. Akaseka, ndinkaseka nawo mochedwa. Dzina langa silinagwire, ndinasanduka amayi a pa kompyuta. Funso lawo loyamba linali la tchalitchi chimene ndimapemphera, lachiwiri la kumene kuli bambo a kunyumba, ndipo mayankho anga onse awiri sanawapatse poyambira nkhani ina.

Munthu amene ndinkatha kucheza naye osayamba ndafotokoza kuti ndine yani anali mmodzi yekha, ndipo anali ku Lilongwe. Mnzanga ameneyu tinaphunzira limodzi za makompyuta ku Blantyre, kenako tinagwira ntchito pa kakampani kakang'ono ku Limbe, tebulo limodzi, kulimbirana mawusi yabwino ndi kugawana tchipisi cha pa chiwaya masana. Ine ndinali wa maso: mitundu, zithunzi, kakhalidwe ka zilembo pa tsamba. Iye anali wa m'mimba mwa webusaiti, zija zosaoneka zimene zimachititsa kuti batani ukalidina lichite kanthu. Kakampaniko katatsekedwa, iye anapeza ntchito yaikulu ku Lilongwe, ine ndinalowera ku tiyi. Ndinachonderera abwana anga kuti za m'mimbazo azimupatsa iyeyo ngati ganyu, ndipo anavomera. Ndinawauza kuti mtsikanayo ndi katswiri, zomwe zinali zoona. Koma chimene mtima wanga unkafuna chinali choti pakhale kachingwe kotimanga, chifukwa ndinkaopa kuti mnzangayo andipulumuka m'manja pang'onopang'ono.

Mantha angawo sanali opanda pake. Ndikamuimbira kuti tingocheza, foni inkalira mpaka kutopa, kenako pankabwera kauthenga koti ali mu mitingi, aimbanso. Sankaimbanso. Sikuti anali woipa mtima, ayi ndithu. Anali ndi mabwana ambiri, mabasi awiri okwera m'mawa, ndi anzake atsopano amene sankafunika netiweki kuti acheze naye. Ndinkamvetsa bwinobwino, koma kumvetsako sikunkandichotsera kusungulumwa.

Tsiku lina anaimba yekha, ndipo ndinatsala pang'ono kugwetsa foni pothamangira.

"Iwe," anatero, "zomanditumizira mafoda pa imelo zija zathera pomwepa. Dzulo ndapeza yolembedwa kuti yomaliza, ina yomaliza yeniyeni, inanso yomaliza yeniyeni osakhudzanso. Ndiye yomaliza ndi iti pamenepa?"

"Ya deti yatsopanoyo. Nanga n'zovuta?"

"Zonse zili ndi deti imodzi, mayi iwe. Kuyambira lero tizigwiritsa ntchito giti. Usalire, ndikuphunzitsa."

Giti, monga anandifotokozera, ndi pulogalamu yokumbukira chilichonse chimene munthu wasintha pa ntchito, pamodzi ndi dzina la wosinthayo. Aliyense amakhala ndi kope lake la webusaiti pa kompyuta yake. Ukamaliza kusintha umasunga, n'kulembapo kamawu konena zimene wachita, ndiye umakankhira zakozo pa malo a pakati, pa intaneti. Mnzako amakokera kwake kuchokera pomwepo. Kukankhako iye ankati kupusha, kukokako kupula. Zinamveka zaulemu ndithu, ngati nkhokwe ya pabanja. Chimene sanandiuze n'choti zonsezi zimachitikira pa windo lakuda.

Ine ndinazolowera kudina. Ndikaona chinthu, ndimachigwira ndi mawusi n'kuchikokera pomwe ndikufuna. Windo lakuda lilibe batani, lilibe chithunzi, lilibe ngakhale moni. Pamangokhala kamzere koyera kophethiraphethira, kudikira kuti ulembe lamulo. Ukaphonya chilembo chimodzi, limakuyankha m'Chingerezi chouma cha munthu amene sakufuna kukuthandiza. Ukakhoza, nthawi zambiri silinena kanthu. Ndinali kale munthu wokhala tsiku lonse osalankhulidwa, ndiye taganizani kundionjezera chinthu chimene chikakondwera chimakhala chete.

Ofesi ndinkakhala ndi akalaliki a malipiro, bambo achikulire a ku Goliati, aulemu kwambiri, amene ankavala juzi ngakhale mu Okutobala. Tsiku loyamba kuona windolo anaima kumbuyo kwanga, n'kutsokomola pang'ono.

"Pepani amayi, yafa kodi?"

"Sinafe bambo, ndi mmene imagwirira ntchito."

"Ohoo. Koma ikuoneka ngati ili pa maliro."

Sindinawatsutse, chifukwa nanenso ndinkaona choncho.

Pamwamba pa giti panabweranso kumanga. Kale ndikasintha tsamba ndinkangolitsegula n'kuona zimene ndachita. Tsopano mnzanga anali atabweretsa zida zatsopano, zoti webusaiti iziyamba yamangidwa ndi lamulo lina isanaoneke, ndipo lamulolo lisanamange kanthu linkayamba lakatenga tizidutswa tosawerengeka ta mapulogalamu pa intaneti. Netiweki ya pa esiteti inali ndi khalidwe lake: inkabwera ndi dzuwa n'kuchoka ndi nkhungu. Ndinkanyamula laputopu kukakhala pansi pa mibulugama ya kumtunda kwa fakitale, foni nditaikweza m'mwamba, otchola tiyi akudutsa ndi madengu kumsana kupita ku sikelo. Ankandipatsa moni mwaulemu n'kumayang'anana. Tizidutswa tija tinkatsika, kutsika, kutsika, ndiye pafupi ndi kumapeto netiweki n'kuthawa, windo lonse n'kudzaza mawu ofiira. Bandulo yapita, ntchito ili pomwe inali m'mawa.

Tsiku lina ndinaiwala kulemba kamawu kosungira kaja, ndipo windolo linandilowetsa m'kachipinda kena kolembamo kopanda potulukira. Ndinadina batani lililonse la pa kiyibodi, lina kawiri. Zilembo zinkangoonjezereka, zina n'kumafufutika zokha. Nditasowa mtengo wogwira ndinazimitsa laputopu yonse ngati wayilesi. Mnzanga atamva anaseka mpaka kutsamwa, n'kundiuza kuti safunsa anadya phula. Ndinamuyankha kuti wofunsidwayo amakhala mu mitingi. Anasiya kuseka pang'ono, kenako n'kundiphunzitsa potulukira.

Mkangano wa girini unayamba mvula yoyamba itagwa. Pa webusaiti panali mtundu umodzi wobiriwira umene unali pamwamba pa tsamba lililonse ndi pa mabatani onse, ndipo unkalembedwa pa mzere umodzi wokha, m'zilembo ndi manambala ochepa. Mnzanga ndiye anausankha: girini wakuda, wolemera, ngati wa yunifolomu ya ku sekondale. Ine ndinauvomera ndisanakhale mu tiyi. Koma mvula itagwa, tiyi amene anamudulira nthawi yozizira n'kutsala zitsa zotuwa anaphukira, ndipo m'mawa wina ndinaima pakhomo kukamwa yasa. Nsonga zimene amatchola si zakuda ayi. Ndi zobiriwira mowala, mopita ku chikasu, makamaka dzuwa likamazibaya chammbali. Ndinatchola kansonga kamodzi, ndinakagoneka pambali pa sikirini, ndipo ndinasinthasintha manambala aja mpaka mitundu iwiriyo inafanana. Kanali koyamba chifikireni kumva kuti malowa andipatsa kanthu.

Sindinkadziwa kuti sabata yomweyo mnzanga anali atakhudzanso mzere womwewo, kuudetsako pang'ono kuti zilembo zoyera zizioneka bwino. Nditapula, giti anaima nji. Zosintha zambiri amaziphatikiza yekha mwakachetechete, koma anthu awiri akasintha mzere umodzi, iye sasankha mbali. Amaika mizere yonse iwiri, wako pamwamba, wa mnzako pansi, n'kuizinga ndi tizizindikiro tonga timivi, ndiye amakana kupitirira mpaka munthu agamule. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Tsikulo ndinangoona webusaiti ikukana kumangika, timivi tili mbwee. Ndinalemba uthenga wa mawu awiri, woti ndaononga webusaiti. Foni inalira ndisanaiike pansi.

"Wachita chiyani? Werenga zomwe zalembedwazo, usalumphe kanthu."

Ndinawerenga. Kenako kunabwera kuseka kuja kwa ku Limbe, kotulukira m'mphuno.

"Sunaononge kanthu. Tagundana basi. Iwe wakhudza girini wanga?"

"Girini wakoyo si wa tiyi, ndi wa botolo."

"Nanga wakoyu? Akuoneka ngati tiyi wodwala malungo."

"Ubwere udzaone wekha."

"Ndibwera. Tsegula fayilo kaye."

Anandiyendetsa ngati wakhungu: fufuta apa, siya apo, lemba chakuti, dina. Ine ndinkangotsatira osamvetsa chilichonse, ndipo posakhalitsa mawu ofiira anatha. Ntchito inali itatha, koma palibe amene anadula foni. Anandiuza za madzi amene anasowa kwawo sabata yonse, za bwana wake wolemba maimelo ngati akukalipa, ndi za mnyamata wina wa kutchalitchi amene anayamba kumuperekeza pa siteji popanda womutuma. Ine ndinamuuza za akalaliki a juzi ndi maliro a kompyuta. Inali nthawi ya nkhomaliro, ndipo anthu anabwerera m'maofesi ine ndisanadye kanthu. Madzulo ndinayenda kupita kunyumba ndikuimba.

Tsiku limenelo tinasiya girini wake. Sabata yotsatira ndinabwezera wanga. Ndiye zinakhala choncho nyengo yonse ya mvula. Ine, chifukwa cha netiweki, ndinkapula mwa apo ndi apo, ndipo girini ndinkangomusunthasuntha, poti tiyi sakhala mtundu umodzi: wa mu Disembala ndi wina, wa mu Malichi ndi wina. Iye akatsegula webusaiti n'kupeza wodwala malungo uja, ankamudetsa. Tinkagundana, ndipo tikagundana foni inkalira. Sindinachedwe kuona mmene zinkayendera. Uthenga woti ndakusowa unkayankhidwa mawa lake, mwina ndi kachithunzi ka mtima. Uthenga woti tagundana unkayankhidwa pompopompo, ndi mawu a pakamwa. Sindinagundanitsepo dala, sipankafunika kutero, mitu yathu inali youma mokwanira. Koma ndinene poyera kuti mzere umenewo ndi umene unkandisungira mnzanga, ndipo ndikaona timivi tija mtima unkagunda pawiri, mantha ndi chimwemwe.

Kucheza kwathu kunali ndi dongosolo lake. Tinkayamba ndi kunyozana za girini, kenako kukonza, kenako nkhani zenizeni. Nthawi zonse ndinkamaliza ndi mawu omwewo, oti abwere adzaone yekha, ndipo iye ankayankha omwewo, oti abwera. Ndinagula bulangeti lachiwiri ku Luchenza. Ndinafunsa amayi oyandikana nane mmene amaphikira nandolo wawo wa chipere, kuti mlendo wanga adzadye za kuno. Amayiwo anandiphunzitsa mokondwa, ndipo kwa kanthawi ankandifunsa tsiku ndi tsiku kuti achemwali anu aja afika liti. Kenako anasiya kufunsa, chifukwa anali anthu aulemu.

Chimene chinasokoneza zonse chinali manyazi. Kunkabwera ogula akunja kudzaona fakitale, ndipo abwana anafuna kuti zithunzi za tiyi watsopano zikhale pa webusaiti dzuwa lisanafike paliwombo. Ndinakonza zithunzi bwinobwino, ndinasunga, ndinapula, timivi. Ndinatumiza uthenga wathu uja. Foni sinalire. Ndinaimba, inali yozimitsa. Mnzanga anali ku maphunziro ku Mponela, m'chipinda chimene mafoni amasiya pakhomo. Abwana anabwera okha mu ofesi, anaima kumbuyo kwa mpando wanga manja m'thumba, n'kumayang'ana mawu ofiirawo ngati akuwamva.

"Ndiye mukuti chavuta n'chiyani, amayi?"

"Tagundana ndi mnzanga uja pa mzere umodzi, bwana. Ali ku Mponela, akangoyatsa foni tikonza."

"Webusaiti ya esiteti yonse ikudikira munthu amene ali ku Mponela? Ine ndimayesa tinalemba katswiri."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Akalaliki anayamba kufunafuna sitepula imene inali patsogolo pawo. Ndinapsa mtima ndi windo lakuda, ndinapsa mtima ndi ine mwini, ndinapsanso mtima ndi mnzanga ngakhale sanalakwe kanthu. Ndinalumbira kuti palibenso munthu adzaime kumbuyo kwanga kundiona ndikudikira foni ngati mwana wodikira amake pa geti ya sukulu.

Loweruka lililonse ndinayamba kutsikira ku Luchenza, kumene netiweki ili ndi ulemu. Ndinkakhala pakona m'kalesitilanti kena pafupi ndi siteji, chakumwa chimodzi patebulo kuti asandithamangitse, oitanira minibasi akukuwa panja. Ndinkaonera makanema a anthu akunja olankhula mothamanga, amene chilichonse amati n'chophweka. Kenako ndinapanga mafoda awiri pa laputopu yanga, imodzi n'kuitcha Thyolo, ina Lilongwe. Ndinkasintha mzere umodzi mbali zonse ziwiri, n'kudzigunda ndekha, n'kudzigamula ndekha. Mtsikana woperekera zakudya ankandiyang'ana ndikulankhula ndi sikirini, koma sanafunse. Pamene zinalowa m'mutu ndinachita kuseka ndi mkwiyo. Nkhani yonse imene inkandigwetsa thukuta inali yofufuta timivi, kusiya mzere umodzi umene ukuufuna, ndi kusunga. Basi.

Amati walira mvula walira matope. Ine ndinkangoganiza za nkhope ya abwana, za matope sindinaganizeko.

Kugundana kotsatira kunabwera m'mawa wina wa dzuwa, ofesi ikununkhira tiyi wouma wochokera ku fakitale. Ndinaona timivi, ndipo dzanja linapita lokha pa foni. Ndinalibweza. Ndinatsegula fayilo, ndinayang'ana mizere iwiriyo, wanga pamwamba, wake pansi. Ndinafufuta wake. Ndinasunga, ndinamanga, ndinapusha. Windo lakuda silinanene kanthu, kutanthauza kuti linakondwera. Webusaiti inatseguka ili ndi girini wa nsonga za tiyi, wowala bwino, ndipo ndinaimirira pampando manja m'mwamba.

"Bambo, ndakwanitsa ndekha!"

"Tithokoze Mulungu, amayi," anatero akalaliki, osafunsa kuti ndakwanitsa chiyani, n'kubwerera ku mapepala awo.

Nthawi ya nkhomaliro ndinakakhala pansi pa mibulugama foni ili m'manja. Apa mpamene ndinazindikira kuti ndilibe choimbira. Ndikanati tagundana, likanakhala bodza. Ndikanati ndakusowa, ndinkadziwa tsiku limene yankho likanabwera. Ndinadya mbatata yanga ndikuyang'ana thirakitala ikukwera mtunda ndi masamba, ndipo chimwemwe cha m'mawa chija chinali chitayamba kale kuzizira.

Sindinafunike kumuuza, giti anamuuza yekha, poti sabisa dzina la amene wachita chinthu. Mawa lake kunabwera uthenga. Unati: "Eee, mwana wakula! Wathana nayo wekha. Girini wakoyo ndamusiya, wapambana mayi." Panali ndi tizithunzi ta manja owomba. Ndinauwerenga kangapo kufunafuna poyankhira pamene pangatalikitse nkhani. Ndinalemba kuti ubwerebe udzaone wekha. Anayankha ndi kachithunzi ka mtima.

Mnzanga ndi munthu wosunga mawu ake pa ntchito, ndipo mzere uja sanaukhudzenso. Anachitanso china chimene kwa iye chinali ulemu: anagawa mafayilo bwinobwino, a maonekedwe onse kwa ine, a m'mimba kwa iye, kuti tisamapondane. Webusaiti inayenda bwino kuposa kale. Abwana anayamba kunditchula katswiri popanda kuseka. Kumanga ndinakuzolowera, ndinaphunzira kusunga tizidutswa tija kuti ndisamatitsitse kawiri, ndipo kachipinda kopanda potulukira ndinayamba kulowamo dala. Sitinakangane ndi mnzanga, palibe mawu oipa amene anadutsa pakati pathu. Foni inangosiya kulira. M'mawa uliwonse ndinkapula, ndipo poyamba pankabwera tizosintha take, ine n'kumawerenga timawu take tosungira ngati munthu womvetsera mapazi a mnzake kuseri kwa khoma. Kenako za m'mimba zinakhazikika, panalibenso choti asinthe, ndipo windo linkangondiuza kuti zonse zili m'malo, palibe chatsopano.

Ndinamuonanso pa ukwati wake, ndi mnyamata woperekeza pa siteji uja. Ndinakwera basi ulendo wonse wa ku Lilongwe ndi nkhani zodzaza m'kamwa. Anandikumbatira mwamphamvu, mwachikondi chenicheni, ndipo anandikokera kwa anzake a ku ofesi. Anawauza kuti uyu ndi mnzanga wa ku tiyi, ankaopa windo lakuda ngati njoka, koma pano giti amamudziwa kuposa ine, sandifunanso. Onse anaseka, nanenso ndinaseka. Ndinafuna kunena kuti ndimakufuna, koma wojambula anamuitana, ndipo ndinatsala ndikukonza nsalu yanga pakati pa anthu osawadziwa. Nkhani zanga ndinabwerera nazo ku Thyolo.

Chiperoni chitabweranso, anadulira tiyi wa pakhomo panga, ndipo m'malo mwa kubiriwira kuja kunatsala zitsa zotuwa ndi nkhungu. Masana ena mu ofesi, akalaliki atapita kukadya, ndinatsegula mbiri ya mzere uja. Giti sataya kanthu. Zonse zinali pomwepo, nyengo yonse ya mvula: dzina langa, dzina lake, langa, lake, girini wowala, girini wakuda, kusinthanasinthana mpaka pa tsiku limene ndinapambana. Kuchokera pamenepo kunalibe kanthu.

Ndinakopera girini wake womaliza, wa botolo uja, zilembo ndi manambala monga anazilembera iye mwini, ndipo ndinamubwezera pa webusaiti ndi dzanja langa. Pa kamawu kosungira ndinalemba kuti ndabwezera girini wako. Ndinamanga, ndinapusha, ndinaika foni patebulo sikirini ikuyang'ana kumwamba. Ndinkaganiza kuti mwina aona n'kuimba kufunsa kuti chakugwera n'chiyani, kapena kundiseka kuti wagonja. Giti sanakane kanthu, timivi sitinabwere, chifukwa kugundana kumafuna manja a anthu awiri. Foni sinalire tsikulo, ngakhale mawa lake. Abwana sanaone kusintha, ogula akunja anapitiriza kuoda.

Webusaitiyo ili ndi girini wakuda mpaka lero. Mvula ikagwa n'kuphukira nsonga, ndimaima pakhomo m'mawa ndipo maso anga amandiuza kuti mtunduwo ndi wolakwika. Ndimadziwa manambala olondola pamtima, ndipo kukonza sikunganditengere nthawi yoti madzi a tiyi awire. Sindikonza. Nthawi zina ndimafunsa giti kuti andionetse amene analemba mzere umenewo, ngakhale yankho ndimalidziwa. Girini ndi wake, koma dzina limene limatuluka pambali pake ndi langa.